Ndipatseni ufulu wosankha, mkono ndigwedeza ndekha

Anthu akamanyoza magemu oseweredwa pogwedeza thupi, ine ndimakumbukira agogo anga aamuna. Kontrola ya mabatani sankafuna n'kuigwira komwe, ankati imawazunguza mutu. Koma tsiku lomwe tinawapatsa Wii Remote, kontrola yogwedeza ndi dzanja ya makina a masewera otchedwa Wii, n'kuwauza kuti aponye ngati akuponya mpira weniweni, anasewera bowling ya mu Wii Sports mpaka usiku, akuseka ngati mwana. Panalibe zoloweza kuti batani ili ndi la chiyani, mkono wawo unkadziwa kale chochita. N'chifukwa chake sindidabwa kuti Wii, yomwe Nintendo inatulutsa mu 2006, inagulidwa kuposa 100 miliyoni. Inakokera m'masewera anthu amene kale ankangokhala pambali n'kumaonerera.

Komabe odandaula sakunama ayi. Wii Remote yoyamba inkamva kuti yagwedezeka, koma sinkadziwa bwinobwino mmene dzanja lapotokera. Opanga magemu ambiri anangochotsa batani n'kuikapo kugwedeza, basi. Chinthu choti ukanachita ndi chala chimodzi, unkachita kukupiza mkono mpaka phewa kuwawa, nthawi zina gemuyo osamva n'komwe. Wii MotionPlus ya mu 2009, kachipangizo kolumikiza ku Wii Remote, inabwera ndi gyroscope, yomwe imamva mmene kontrola yapotokera, zinthu zinasinthako, koma mu gemu ya Skyward Sword ya mu 2011 tinkaimabe pakati pa ulendo kuti tikonzenso kontrola yasokonekera. Kinect ya Microsoft, kamera yoona mmene thupi likusunthira, inapitirira muyeso: mu 2010 inachotseratu mabatani onse, inkafuna chipinda chachikulu, ndipo ukasuntha inkachedwa kuyankha. Pofika 2017 anasiya kuipanga.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi china. Ndili ndi mnzanga amene dzanja lake limanjenjemera chibadwire. Ndi mabatani amasewera bwino kuposa ine, koma gemu ikangomukakamiza kutambasula mkono molunjika, amaika kontrola pansi n'kukhala chete. Anadikira pafupifupi zaka khumi, mpaka 2021, kuti Skyward Sword ituluke pa makina ena a Nintendo otchedwa Switch ili ndi njira yosewerera ndi mabatani. Tsono njira yomweyo imene inatsegulira agogo anga khomo, iyeyu inamutsekera kunja. Zimenezi sizinayenera kuchitika.

Taonani Splatoon, gemu yowomberana ndi inki ya mu 2015. Umayenda ndi ndodo ya pa kontrola monga mwa nthawi zonse, ndipo polozetsa umangopendeketsa manja pang'ono. Palibe kudumphadumpha, palibe thukuta. Poyamba zinkandivuta, koma nditazolowera ndinapeza kuti ndikulozetsa msanga kuposa ndi chala chachikulu chokha. Ndipo amene sakufuna amangolowa m'masetingi n'kuzimitsa.

Inu opanga magemu, gyroscope ilimo kale m'makontrola a Switch ndi PlayStation. Igwiritseni ntchito, ine ndiiyatsa tsiku loyamba lomwelo. Koma muikemonso pozimitsira, kuti ndikamuitana mnzanga uja abwere tidzasewere limodzi.