Bwalo lathu lija pano lili ndi geti

Loweruka ndinapita kukaona mayi ku Zingwangwa mumzinda wa Blantyre, ndiye ndinati ndidzere njira yachidule ya pabwalo yomwe tinkadutsa tili ana. Njira ija kulibenso. Ndinapeza mpanda wa njerwa wondiposa msinkhu, geti lakuda, galu akuuwa m'kati. Pamenepotu mpomwe tinkamenya chikulunga mpaka mdima, atsikana akusewera fulaye chapambali. Maliro akagwa, anthu ankakhala pomwepo chifukwa tinyumba tathu tija sitikwana khamu. Nditawafunsa mayi, anangondiuza kuti mwini wake ali ndi mapepala, basi nkhani nkuthera pomwepo.

Mapepala! Bwalo lomwe agogo analipeza lili la aliyense, wina walipezera bwanji mapepala?

Chomwe ndaona ine n'chakuti malo oterewa satengedwa tsiku limodzi. Amayamba ndi munthu wolima chimanga pakona, ife n'kumati bola akuchepetsa tchire. Kenako pabwera kontena yogulitsiramo zakumwa, anyamata otsuka magalimoto, mpingo wina n'kukhoma tenti yoti ndi yongoyembekezera. Mukadzadzuka tsiku lina mupeza mabikoni azikidwa, lole yatsitsa mchenga, dobadoba akuloza uku ndi uku ndi bwana wina wa galimoto ya magalasi akuda. Panthawi imeneyo mwachedwa kale. Ndipo tisanamizane, wa chimanga uja nthawi zambiri amakhala mmodzi wa ife tomwe.

Vuto lagona pa mawu omwe timawakonda aja akuti "malo ongokhala". Tikaona bwalo lopanda nyumba timaliyesa lowonongeka. Koma silikhala chabe ayi. Ana amathamangapo, mvula ikagwa madzi amalowa pansi pomwepo m'malo mothamangira m'ngalande zodzadza kale ndi mapepala apulasitiki, n'kukasefukira ku mitsinje ya Naperi ndi Mudi. Mzinda womwe kalembera wa 2018 anaupeza ndi anthu pafupifupi 800,000 sungakhale njerwa ndi malata zokhazokha.

Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope ndi miyala zitatsika m'phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe, ambiri tinathamangira kunena kuti anamangiranji m'phiri. Zoona, kumeneko sikoyenera kumanga. Koma amene uja anakwera phiri chifukwa lendi yamukanika ndipo puloti kumunsi kuno sangaigule. Nanga uyu wotchinga bwalo la ana kuti amangepo nyumba zochititsa lendi, wathawa chiyani? Wosauka timamutcha wolowerera malo, wolemera timamutcha wobweretsa chitukuko. Ine apa mpomwe pamandiwawa.

Taganizani za bwalo lalikulu lija la Njamba. Mu 1989 Papa John Paul II anachitira misa pamenepo, chikhamu cha anthu chinakwana chifukwa malowo anasiyidwa dala otambasuka. Mpaka lero andale a zipani zonse akafuna kuonetsa kuti ali ndi anthu amathamangira konko, koma sindinamvepo mmodzi ataima pansanja paja n'kulonjeza kuti mabwalo a m'malokeshoni adzawateteza. Njamba yekha sangakwanire mwana wa ku Bangwe kapena ku Chilomoni. Iye amafuna poti apite wapansi n'kubwerako nsima isanazizire.

Ine ndikufuna mapu a mzinda uno oonetsa malo onse a anthu apachikidwe poyera, pa sukulu, pamsika, kwa mfumu, kuti bikoni ikangozikidwa tidziwe pofunsa. Khansala aliyense wobwera kudzapempha voti azitiwerengera mabwalo a mu wadi yake, omwe anawapeza ndi omwe atsala.

Pobwerera madzulo ndinapeza ana a pa loko yathu akusewera mpira pamsewu. Magolo awo ndi miyala iwiri. Njinga ya kabaza ikamabwera, mmodzi amakuwa, onse n'kuthawira m'ngalande, ikadutsa n'kubwezeretsa miyala ija.