Filimu ya Kamkwamba ija, ine ndimaionera njala

Wina akangotchula The Boy Who Harnessed the Wind, filimu yonena za William Kamkwamba, mnyamata wa ku Kasungu amene anapanga makina amphepo opangira magetsi, ndemanga za Amalawi zimakhala zomwezomwezo: "Chichewa chake chija ndiye ayi." Anthu amaseka, ena amatsanzira mmene Chiwetel Ejiofor amapotolera lilime, nkhani n'kuthera pomwepo. Chitulukireni filimuyi pa Netflix mu Malichi 2019, palibenso china chomwe timaikambapo.

Zoonadi Chichewacho n'chopweteka m'makutu, sindikutsutsa. Ejiofor, yemwe anatsogolera filimuyi n'kuseweranso bambo ake a William, ndi wa ku London, makolo ake ndi a ku Nigeria. Maxwell Simba, yemwe anasewera William, ndi wa ku Kenya. Aïssa Maïga, mayi ake a William mufilimumo, anabadwira ku Senegal ndipo anakulira ku France. M'banja lonselo ndi Lily Banda, uja anasewera Annie, mlongo wake wa William, amene akatsegula pakamwa umamva kuti uyu ndi wathu. Pena Mchewa weniweni umachita kuwerenga Chingerezi cholembedwa pansipo kuti umve zomwe zanenedwa m'chilankhulo chako chomwe. N'zoseketsa ndithu. Koma taseka mokwanira, ndipo kusekako kwatiphonyetsa chinthu chimene filimuyi inakhoza kwambiri.

Kwa ine filimuyi ndi ya njala ya 2001 ndi 2002. Makina amphepo aja amabwera kumapeto kwenikweni, pomwe mtima wathyoka kale.

Taonani mmene njalayo imalowera. Siyambira pa mwana wofoka ntchentche zili kukamwa, zithunzi zomwe akunja amakonda kutijambula. Imayambira pa mitengo. Aesiteti ya fodya abwera ndi ndalama, amfumu akuchenjeza kuti mitengoyo ndiyo imatchinga madzi, koma anthu ali ndi ngongole ndi fizi ya ana, ndiye asaina. Mvula ikugwa yambiri, minda ikumira, kenako dzuwa likuwamba zotsalazo. Bambo akuyang'ana m'nkhokwe, akuwerengetsera mumtima kuti chimangachi sichifika kutali. Banja likugwirizana zodya kamodzi patsiku, n'kumakambirana kuti kamodziko kakhale nthawi yanji. Amene anali wamkulu kale chaka chimenecho, kaya ku Kasungu, ku Mchinji kapena ku Salima, safunika kumufotokozera. Amakumbukira mizere ya ku ADMARC, gaga atasanduka chakudya cha ulemu, ndiponso mbiri yoti chimanga cha m'nkhokwe za boma chinagulitsidwa njala isanafike pachimake.

Pali malo awiri omwe sindipirira. Pamsonkhano wa pulezidenti, amfumu a Wimbe aimirira n'kudandaula poyera za njala, ndipo malipiro ake ndi kumenyedwa kuseri. (Amfumuwo ndi Joseph Marcell, Geoffrey uja wa mu The Fresh Prince of Bel-Air. Ambiri samuzindikira.) Kwinako ndi kwa Khamba, galu wa William. Anthu akuvutika filimu yonse, koma ndikukuuzani, ambiri misozi imatuluka pa galuyo, chifukwa mwana wauzidwa kuti chakudya sichikwananso choponyera galu.

Ndiye munthu amene filimuyi yamugwira bwino koposa si William ayi, ndi bambo ake, a Trywell. William timamudziwa kale kuti apambana, dzina la filimu lanena. Koma a Trywell ndi bambo amene timawadziwa m'mudzi uliwonse: olimbikira, osaba, osamwa ndalama za ana, koma chilichonse chomwe agwira chikuwapulumuka m'manja. Munda wa mkulu wawo wapita kwa mwana wa malemuyo. Fizi yalephereka, mwana wathamangitsidwa kusukulu. Annie wathawa ndi mphunzitsi kuti pakhomo pachepe pakamwa pamodzi. Chatsala ndi njinga basi, ndipo mwana wa zaka zosakwana 15 akubwera kudzapempha njingayo kuti aidule. Ena amati a Trywell anali ouma mtima. Inu mukanapereka? Njinga kumudzi ndiyo yopitira kuchigayo, kumsika, kuchipatala. Pomwe akukalipa n'kuponda kachipangizo ka mwanayo, ine ndimaona munthu wamantha amene wasowa pogwira. Ejiofor anamusewera bwino munthu ameneyu moti pena ndimaiwala zoti mawu akuwatchula mokhota.

Pomwe ndimasiyana ndi filimuyi ndi pamapeto. Makina azungulira, pampu yalira, madzi atuluka m'chitsime, ayenda m'mizere, mbewu zamera, mudzi wapulumuka. Zokoma kuonera, koma sizinayende choncho. Makina oyamba omwe William Kamkwamba anamanga ku Wimbe, atawerenga buku la Using Energy mu laibulale, anali oyatsa babu m'nyumba, kenako mababu angapo ndi wailesi. Njala ya 2002 inatha chifukwa anthu anakolola, ena atafa kale. Zopopa madzi zinadzabwera patapita zaka, dzina lake litamveka m'nyuzi mu 2006 komanso atalankhula pamsonkhano waukulu wa TED ku Arusha, ku Tanzania, mu 2007. Buku lomwe analemba ndi Bryan Mealer mu 2009 silibisa zimenezi.

Ndikudziwa kuti filimu si lipoti, wojambula ali ndi ufulu wophatikiza zaka zisanu kukhala sabata imodzi. Koma kusinthaku kuli ndi mtengo wake. Kwa maola pafupifupi awiri mwatisonyeza kuti njalayi inali ndi eni ake: ogula mitengo, ogulitsa chimanga pamtengo wokwera, boma lokana kuti kuli vuto. Kenako mwadzidzidzi yankho la zonsezo ndi mwana mmodzi wanzeru ndi dayinamo ya njinga. Woonera wa ku America amadzuka pampando atapepukidwa mtima, akuti Africa ingofunika ana anzeru ngati ameneyu. Amene anamenyetsa amfumu aja palibe wawafunsa kanthu.

Komanso babu limodzi loyaka usiku m'nyumba ya udzu ku Kasungu, anthu omwe dzulo ankati mwanayu wapenga kapena akusuta chamba ataunjikana kudzaona, silinali laling'ono. Likanakwanira kutsekera filimu. Anangoopa kuti akunja aona ngati n'zochepa.

Za osewera, inde akanatha kufufuza bwino kuno kwathu. Shemu Joyah anali atatulutsa kale The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise ndi Amalawi okhaokha pafupifupi, ndiye wina asatinamize kuti kunalibe anthu. Koma ndalama zinatsata dzina la Ejiofor, ndipo ndi iye analimbikira kuti ajambulire ku Kasungu konko, gule wamkulu n'kuonekamo, pomwe akanatha kupita ku South Africa n'kulankhula Chingerezi chokhachokha.

Amene munaisiya pa mphindi khumi zoyamba chifukwa cha Chichewa, gulani bandulo mukaimalize. Mukafika pa Khamba mudzandiuze ngati munali mukusekabe.