Nkhani za asilikali: Lilongwe ndi Lusaka amasiyana pati?

Kuchoka pa boma la Mchinji kukafika ku Chipata ndi kamtunda kochepa kudzera pa chipata cha Mwami, ndipo mabanja a asilikali ali mbali zonse. Ena ana awo ali ku Gondar Barracks ku Chipata, ena ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe. Mwana akatumizidwa kunja, a ku Malawi ku DRC, a ku Zambia ku Birao m'dziko la Central African Republic, makolo amadalira zimene mneneri wa asilikali walengeza, kwinako n'kumangomva za pa WhatsApp.

Asilikali a ku America ali ndi nyuzipepala yawoyawo, Stars and Stripes. Inayamba pa 9 November 1861 ku Bloomfield, Missouri, pamene asilikali anapeza makina osindikizira atasiyidwa, iwo n'kuwagwiritsa ntchito. Inadzukanso ku Paris mu 1918, kenako ku London mu 1942. Chodabwitsa n'chakuti gawo la ndalama zake limachokera ku unduna wa zachitetezo, koma kwa zaka zambiri mkulu wa asilikali analibe mphamvu yofufuta nkhani. Panaikidwanso munthu wapadera, ombudsman, woti aziyang'anira ufulu wa akonzi n'kumakauza nyumba ya malamulo ngati wina walowerera. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, General Patton wa ku America anakwiya ndi zojambula za Bill Mauldin m'nyuzipepalayi zoonetsa asilikali otopa, a ndevu zosameta, koma mkulu wake, General Eisenhower, anaima kumbali ya wojambulayo. Mu 2020 unduna unafuna kudula ndalamazo kuti itsekedwe. Aphungu anakana, ndipo ganizolo linabwezedwa.

Kuno zoterezi kulibe, ku Zambianso kulibe. Ntchitoyi imagwera atolankhani wamba, ndipo apa ndi pamene maiko awiriwa amasiyana.

Ku Zambia choopsa ndi lamulo. State Security Act ya 1969 imalanga ndi zaka zambiri kundende aliyense woulula zimene boma lati n'zachinsinsi. Mu March 1999 nyuzipepala ya The Post inalemba kuti asilikali a Zambia sangalimbane ndi a Angola. Atolankhani anamangidwa, n'kuimbidwa mlandu waukazitape, ndipo mkonzi Fred M'membe anadzapezeka wosalakwa mu December 2000. Miyezi yonseyo ali m'khoti, wina aliyense anaphunzirapo kukhala chete. Komabe nkhaniyo inathera pamaso pa woweruza, poyera.

Kwathu malamulo akuoneka ofewerapo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani linayamba kugwira ntchito mu September 2020, pamene la ku Zambia linasainidwa mu December 2023. Koma lathuli lili ndi khomo lothawirapo: nkhani yokhudza chitetezo cha dziko akhoza kuikana, ndipo Official Secrets Act, lamulo la zinsinsi za boma la nthawi ya atsamunda, idakalipo. Kumayambiriro kwa 2024 mtolankhani Gregory Gondwe anabisala atalemba za ndalama zogulira zida za asilikali. Mantha amtunduwu, kunena zoona, ndi ovuta kuposa mlandu, chifukwa palibe woweruza woti ukamudandaulire.

Pamene zinthu zimasokonekera kwambiri ndi pa maliro. Asilikali 6 a Malawi anaphedwa kufupi ndi Beni mu November 2018, ena 3 mu January 2025 kum'mawa kwa DRC komweko. Dongosolo lake n'lakuti akuluakulu adziwitse kaye banja, mayina atuluke pambuyo pake. Kulengeza kukachedwa tsiku limodzi lokha, zithunzi zimakhala zazungulira kale m'mafoni, nthawi zina ndi dzina lolakwika, ndipo mayi wa ku Kapiri amayamba kulira mwana amene ali moyo. Mtolankhani wa wailesi ya m'dera, kaya Mudzi Wathu ku Mchinji kapena Breeze FM ku Chipata, asatchule dzina, udindo kapena gulu la msilikali womwalira mpaka mneneri wa asilikali atatsimikiza kuti achibale auzidwa, ndipo malo enieni amene gululo lili asawatchule n'komwe.