Ukalowa pub ya ku Ireland, makutu atsogole, foni ibwere pambuyo

Sabata yatha mnzanga wina wandilembera ku inbox kuti akubwera ku Dublin mwezi wamawa kudzaona mchemwali wake, ndiye akufuna ndimuuze pub yakale kwambiri yoti akajambulitsepo komanso akamvepo nyimbo zachi Irish. Ndinamuyankha mwachidule chifukwa ndinali pantchito, koma funso lakelo lakhala likundizungulira m'mutu. Ndiye ndati ndilembe pano, mwina ena lingawathandize.

Za ukale wa ma pub, yankho lilipo. Ku Dublin kuli The Brazen Head, yomwe eni ake amati inayamba mu 1198, ngakhale kuti nyumba imene mumalowamo lero inamangidwa mu 1754, nthawi imene apaulendo a ngolo za akavalo ankagona pamenepo. Ku Athlone, m'mbali mwa mtsinje wa Shannon, kuli Sean's Bar, yomwe amati ndi ya m'chaka cha 900. Ku Belfast kuli Kelly's Cellars ya mu 1720. Pitaniko ndithu, ndi malo okongola, denga lotsika, makoma odetsedwa ndi utsi wa zaka zambiri, matabwa osalala chifukwa cha zigongono za anthu amene anapita kalekale. Koma ine chimene chimandibweza ku pub kawiri, katatu, kakhumi, si chaka cholembedwa pakhomo. Ndi kangodya kamodzi ka mkati, pamene pamakhala anthu asanu kapena asanu ndi atatu mozungulira tebulo laling'ono, zoimbira zili m'manja.

Chimenecho amachitcha session. Ndipo anthu ambiri obwera amalakwitsa poganiza kuti ndi bandi yomwe yabwera kudzawasangalatsa. Ayi. Palibe nsanja, palibe maikolofoni, palibe woulutsa mawu. Oimbawo amakhala moyang'anana, ena kukufulatirani kumene. Akuimbirana okhaokha, inu mwangopatsidwa mwayi womvera nawo.

Ndikuuzeni mmene ndinazionera koyamba ku The Cobblestone, ku Smithfield. Kunali madzulo a mkati mwa sabata, kunja kukuwaza kamvula kaja ka ku Dublin kosadziwika kuti kayamba liti. Nditangokankha chitseko, oimba anali pomwepo pafupi ndi windo. Mayi wina wa imvi anali ndi fiddle, yomwe ndi vayolini yomweyi koma yoimbidwa mwachikwawo. Pambali pake mnyamata woti sanakwane n'komwe zaka 25 ali ndi chitoliro chamtengo. Panali wa banjo, wa kodiyoni yaing'ono ya mabatani, ndi bambo wina amene anapanira ng'oma yopyapyala ya chikopa cha mbuzi pa bondo, yomwe amaitcha bodhrán, akuigogoda ndi kamtengo kamodzi, dzanja linalo lili mkati mwa ng'omayo kusintha mamvekedwe. Palibe amene anali ndi pepala. Palibe amene anatchula dzina la nyimbo. Mayi uja anangoyamba yekha, mzere umodzi, enawo n'kugweramo mmodzimmodzi ngati anapangana dzulo. Atabwereza katatu, anadzutsa maso pang'ono n'kunena kamawu kamodzi kokha, onse n'kukhotera mu nyimbo ina osapuma ngakhale pang'ono. Thupi langa linachita tsembwe. Phazi la aliyense pansi pa tebulo linali likugunda limodzi, ndipo matambula a Guinness anali akunjenjemera pang'ono pa thabwa.

Kenako panabwera wa uilleann pipes. Ichi ndi chida chimene simungachiiwale mukachiona. Woimba sapuzira ndi pakamwa. Amamangirira kamvukuto m'chiuno ndi pamkono, n'kumakapopa ndi chigongono, mpweya n'kumalowa m'thumba lomwe wapanira kukhwapa linalo, zala zili pa chitoliro. Dzina lakelo limachokera ku mawu achi Irish otanthauza chigongono. Mu 2017 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika kaimbidwe kameneka pa mndandanda wa miyambo ya anthu yoyenera kusungidwa. Koma pamenepo panalibe za UNESCO, panali bambo wotuluka thukuta pamphumi, akulimbana ndi chida chovuta, ndipo mawu ake ankamveka ngati munthu amene akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Chimene chinandidabwitsa nditayamba kufunsafunsa n'chakuti kuimbira nyimbo zimenezi m'ma pub si mwambo wakalekale monga mmene makoma amaonetsera. Kale nyimbozi zinali za m'nyumba, m'khitchini, pa ukwati, kapena pa mphambano za misewu kumene achinyamata ankavina. Mu 1935 boma linakhazikitsa lamulo lakuti gule aliyense wa pagulu azikhala ndi chilolezo, atsogoleri a mpingo akulimbikitsa, ndipo magule a m'nyumba anayamba kuzilala. Nthawi yomweyo anthu ankachoka m'midzi kupita kunja kukafuna ntchito. Amuna amene anapita kukagwira ntchito za zomangamanga ku London nkhondo yachiwiri itatha ankagona m'tizipinda ta lendi momwe sakanatha kuimbamo, ndiye ankakumana m'ma pub a ku Camden Town, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Session ya mu pub inakulira kumeneko, pakati pa anthu osowa kwawo, kenako n'kubwerera ku Ireland. Mu 1951 ku Mullingar kunabadwa bungwe la Comhaltas Ceoltóirí Éireann lofuna kupulumutsa nyimbozi, zimene panthawiyo ena ankaziona ngati za anthu otsalira a kumudzi. Ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, mu O'Donoghue's pa Merrion Row, Ronnie Drew, Luke Kelly, Barney McKenna ndi Ciarán Bourke ankakumana kuseri n'kumaimba, gulu la The Dubliners n'kuyambira pamenepo. Zithunzi zawo zikadali pakhoma mpaka lero.

Mbiri imeneyi imandikhudza kwambiri, mwina chifukwa nanenso ndikukhala kutali ndi kwathu. Aliyense amene anakhalapo ku Joni kapena kuno amadziwa mmene zimakhalira Loweruka madzulo wina akaika nyimbo ya kumudzi m'kachipinda kodzaza anthu otopa ndi ntchito. Anthu a ku Ireland anadutsa m'zimenezo kwa mibadwo, kuyambira pa njala yaikulu ya 1845 mpaka 1852, imene inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni n'kuthamangitsa enanso ochuluka chomwecho. N'chifukwa chake nyimbo zawo zambiri zoimba ndi pakamwa zimanena za sitima, za doko, za mayi wotsala pakhomo.

Tsopano ndifike pamene pamandipweteka.

Chaka chatha ndinali kumadzulo, ku County Clare, mu pub ina ya m'mudzi yomwe sinditchula dzina. Oimba atapumira, wina anagogoda tambula n'kunena kuti "ciúnas", kutanthauza kuti tikhale chete. Agogo ena amene anakhala pakona usiku wonse osalankhula anatsinzina, n'kuyamba kuimba m'chi Irish, okha, popanda choimbira chilichonse. Kaimbidwe kameneka amakatcha sean-nós, kachikale. Mawu awo anali okalamba, onjenjemera, koma ankakhota mwaluso moti ngakhale ine wosamva chinenerocho ndinadziwa kuti akunena za munthu amene sanabwerere. Wogulitsa mowa anasiya kuthira, botolo lili m'manja. Ndiye pakati pa nyimboyo, gulu la alendo amene anatsika basi linayamba kuseka mokweza pa tebulo lawo, mmodzi n'kuimirira, n'kukaika foni yoyaka nyali pafupi ndi nkhope ya agogo aja. Agogowo sanakalipe. Anamaliza ndime imene anali nayo, n'kulekera pomwepo, n'kutenga chipewa chawo. Nyimboyo inali isanathe. Ndinamva manyazi ngati ndachita ndine, chifukwa nanenso ndinali mlendo m'chipindamo.

Abale anga, mlendo ndi mame. Mukhala sabata imodzi kapena ziwiri n'kubwerera, koma agogo aja ndi anzawo akhala akuimba pa tebulo limenelo kwa zaka zambirimbiri. Kodi kwathu munthu wobwera angaime pakati pa bwalo, akuluakulu akuimba nyimbo ya maliro, n'kumaseka? Ulemu womwewo umene tinaphunzitsidwa ndi umene ukufunika kuno. Mipando yozungulira tebulo la oimba ndi ya oimba, ngakhale muione yopanda munthu. Munthu akamaimba yekha ndi pakamwa, nkhani zonse zimaima. Zoimbira zikamalira mutha kucheza, koma motsitsa, makamaka ngati mwakhala pafupi. Mukafuna kujambula, dikirani apumire, mufunse, ambiri savuta. Ndipo musawaitanitse nyimbo zimene munamva mu filimu. Mverani zimene akukupatsani.

Palinso ma pub ena, makamaka m'misewu ya pakati pa Dublin yodzaza alendo, amene amalemba pakhomo kuti nyimbo zachikhalidwe tsiku lonse. Ndinapititsako msuweni wanga ulendo wina chifukwa anakakamira. Tinapeza munthu mmodzi ndi gitala pa masipika okweza, akuimba nyimbo zimene mungamve paliponse padziko, anthu akukuwa, mtengo wa chakumwa uli pamwamba. Woimbayo sindikumunyoza, akugwira ntchito yake ndipo amaidziwa. Koma msuweni wanga akanabwerera kumudzi akuganiza kuti wamva nyimbo za ku Ireland, pamene sanazimve.

Ndikudziwa kuti ena muwerenga izi n'kunena kuti ine ndine wopemphera, sindilowa m'bala. Ndikumvetsa, ndipo sindikukakamizani. Koma dziwani kuti pub ya kuno, makamaka ya kumudzi, ndi yosiyana ndi chithunzi chimene tili nacho cha bala. Masana mabanja amadyeramo nkhomaliro. Ana amaloledwa kukhalamo ndi makolo awo mpaka 9 koloko usiku, ndipo kuyambira May mpaka September mpaka 10 koloko. Anthu akachoka kumanda amakasonkhana kumeneko. Kusuta mkati kunaletsedwa kuyambira pa 29 March 2004, Ireland kukhala dziko loyamba kuletsa fodya m'malo onse antchito. Mutha kuitanitsa tiyi kapena chakumwa cha malalanje, palibe amene angakuyang'aneni modabwa. Oimba ambiri amene ndawaona amamwa madzi okha chifukwa ayendetsa galimoto pobwerera. Chofunika n'chakuti mugule kanthu, popeza polowa simulipira ndipo mwini wake ali ndi magetsi olipira. Ngati mwakhala ndi anzanu achi Irish ndipo wina wagulira tebulo lonse, ulendo wina ndi wanu, musadikire kuuzidwa. Amene mumamwa Guinness, musalande tambula wogulitsa akaiika pansi koyamba. Amathira kawiri, akudikira kuti ikhazikike, ndiye mulekeni amalize.

Chifukwa china chimene ndikulembera motalika chonchi n'chakuti malo amenewa si achikhalire. Kuyambira 2005 ma pub oposa 2,000 atsekedwa mu Ireland, ambiri a iwo a m'midzi. Mu 2021 panabwera pulani yomanga hotelo pamalo a The Cobblestone, yomwe ikanameza zipinda zakumbuyo kumene anthu amaphunzirira kuimba ndi kuvina. Mu October chaka chimenecho anthu anaguba mumsewu ndi zoimbira zawo, ndipo mu November khonsolo ya mzinda wa Dublin inakana pulaniyo. Ndimaganiza za zimenezi nthawi zonse ndikakhala m'menemo. Mzinda utha kudzaza mahotelo a anthu obwera kudzamva nyimbo, malo oimbira nyimbozo n'kusowa. Ife alendo tili ndi mbali yathu pamenepa, chifukwa kumene timasiya ndalama zathu ndi kumene kumakula.

Ngati muli ndi masiku okwanira, tulukani mu Dublin. Ku Galway kuli The Crane Bar ndi Tig Cóilí. Ku Doolin, kufupi ndi maphompho a m'mbali mwa nyanja otchedwa Cliffs of Moher, kuli Gus O'Connor's ya mu 1832, McGann's ndi McDermott's, kwawo kwa malemu Micho Russell, mlimi amene ankaimba kachitoliro kachitsulo mpaka anthu ochokera maiko akutali n'kumabwera kudzamumvera. M'chilimwe Doolin imadzaza kwambiri, ine ndimaikonda nthawi yozizira, moto wa m'chumuni ukuyaka, m'chipinda muli eni mudzi ochuluka kuposa ife. Mu July ku Miltown Malbay kumakhala sabata yokumbukira malemu Willie Clancy, katswiri wa uilleann pipes, yomwe inayamba mu 1973, ndipo tauni yonse imasanduka session, ngakhale pakhonde la sitolo. Mu August kumakhala Fleadh Cheoil na hÉireann, chikondwerero chachikulu chimene chimasinthasintha mizinda.

Kwa iwe mnzanga amene unandilembera: ukafika tipita ku Brazen Head masana, ujambulitse mokwanira, udyenso supu ya nyama ya nkhosa ndi mbatata. Koma Lachiwiri madzulo usapangane ndi wina. Tikwera Luas, sitima yoyenda m'misewu ya Dublin, ya mzere wofiira, titsika pa Smithfield, ndipo tikafike msanga kuti tipeze poima pafupi ndi windo. Ubwere ndi jekete, ndipo foni ikakhale m'thumba kufikira oimba atapumira.