Timalira bampala, za khosi ayi

Anzanga a pa Kasungu pano, pali ngozi ina yomwe ambirife sitiiwerengera n'komwe, yogundidwa kumbuyo. Minibasi yaima mwadzidzidzi pa M1 chifukwa kondakitala waona mayi wa thumba la mtedza m'mbali mwa msewu, wa pambuyo analibe mpata, phwaa. Madalaivala atsika, ayang'ana bampala, ayang'ana magetsi, ayamba kukangana zoti wolakwa ndani ndipo kwa okhoma magalimoto kukafunika zingati, anthu aunjikana ena akujambula pafoni. Okwera palibe owafunsa. Nawonso amangoti ayi tili bhobho magazi palibe, akwera ina ulendo wapitirira.

Koma magazi si muyeso abale anga. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5 ndipo chougwira ndi khosi lokha basi. Galimoto ikakankhidwa kuchokera kumbuyo, mpando umakankha msana kupita kutsogolo koma mutu umatsalira, umagwera chagada kenako n'kubwereranso kutsogolo mwamphamvu, zonsezi sekondi imodzi isanathe. Minofu ya m'khosi imakokeka, ina kung'ambika kumene. Choipa chake ululu nthawi zambiri subwera pomwepo, umayamba usiku kapena mawa lake, khosi kuuma osatembenuka, mutu kuwawa kuyambira kunkhongo, chizungulire, ena mpaka dzanzi m'mikono. Ndiye munthu amati ndinagonera khosi, agula Panado pa okala, miyezi ikupita akulephera kusenza ndowa yamadzi kapena kugwira khasu, osadziwa kuti zinayambira pa ngozi ija.

Kamtsamiro kamene kali pamwamba pa mpando kaja ntchito yake ndi imeneyi, kugwira mutu usagwere kumbuyo. Ku America anakalamula pa magalimoto atsopano kuyambira 1969, ife kuno ena amakazula dala eti kamatchinga, kapena kuti wokhala pakati apeze popindira thupi. Tangoyang'anani mu ma Sienta oyenda pakati pa boma ndi Chinkhoma kapena opita ku Santhe, muwerenge mipando yomwe yatsala ndi timabowo tiwiri tokha pamwamba. Pomwe kalipo nako kamakhala kotsitsidwa mpaka pansi, kufika m'khosi, pomwe kamayenera kukwezedwa kuti nsonga yake ifanane ndi pamwamba pa mutu komanso kakhale pafupi ndi nkhongo. Kukweza kwake ndi kwaulere, sikufuna makaniko.

Chomwe chimandipweteka mtima kwambiri ndi nkhani ya mu buti. Sienta anaipangira anthu 7. Ife timadzaza mpando uliwonse kenako dalaivala atsegula chitseko chakumbuyo, "madala lowani umu ndi pafupi pompa", munthu akhala chopinda miyendo msana utatsamira chitseko, ndipo kawirikawiri oikidwa kumeneko amakhala ana chifukwa ndi ang'onoang'ono amakwana. Kumbuyo kwa galimoto anakupanga mwadala kuti kuzipindika ikagundidwa, kuti mphamvu ithere kumeneko isafike pa anthu. Ndiye ukaikako munthu, bampala ndi iyeyo. Lamba kulibe, kamtsamiro kulibe, pakati pa msana wake ndi lole yobwera kumbuyo pali chitsulo chopyapyala ndi galasi. Ndikudziwa mafuta anakwera mtengo ndipo mwini galimoto akufuna ndalama yake madzulo, zimenezo sindikutsutsa, koma ndalama ya munthu mmodzi wa mu buti singagule msana wa mwana.

Nanga kuyenda mokanirirana bwanji? Pa liwiro la makilomita 80 pa ola galimoto imadutsa mamita 22 pa sekondi iliyonse, ndipo sekondi imeneyo imatha phazi lisanafike n'komwe pa buleki, ukakhala uli pafoni ndiye kaya. Kusiya mpata wa masekondi atatu sikuchedwetsa munthu, mukafikabe ku Lilongwe limodzi. Magetsi a mabuleki akapsa sinthani babu, wa pambuyo si mlosi.

Nyengo ya fodya ndiye zimanyanya. Lole yodzaza mabelo yafera pamsewu usiku, magetsi zii, ma triangle palibe, angothyola nthambi ziwiri n'kuziika pafupi penipeni ndi matayala, dalaivala ali pansi pa lole akugona. Ngolo nazo zikuchokera kumsika mdima utagwa popanda chonyezimira chilichonse. Kagalimoto kakang'ono kakagunda lole kumbuyo kamalowa pansi, chitsulo chimabwera molunjika pagalasi pomwe pali nkhope za anthu, apo ngakhale lamba sathandiza kwenikweni. Ma lole otere COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, amaipeza bwanji, funso limenelo ndilisiye kaye.

Ine maganizo anga okwerafe tili ndi mbali yaikulu kuposa momwe timaganizira. Akakuuzani mu buti kanani, dikirani ina, ndipo mwana wanu musamupereke kumeneko ngakhale atakuchotserani mtengo. Mukagundidwa kumbuyo ngakhale pang'ono, tengani nambala za magalimoto onse awiri, pitani kuchipatala tsiku lomwelo akakuoneni khosi, lipoti la apolisi nalo mulitenge. A inshuwalansi amafuna mapepala, sadzamva zoti khosi linayamba kuwawa patapita masiku ndipo galimoto yake mwaiwala nambala.