Fosholo ndi ya alandilodi, koma msana ndi wanga

Amene analemba pa kalendala kuti kuzizira kumatha mu Malichi sanakhaleko ku Calgary, mzinda wa ku Canada kuno. Kuno Malichi ndi umodzi mwa miyezi imene chipale chofewa chimagwa kwambiri, Epulo naye sachedwa kutembenuka, moti azungu okonda maluwa sadzala kanthu panja mpaka tchuthi cha Victoria Day chitadutsa, chakumapeto kwa Meyi. Koma munthu umapusitsika ndithu. Kumabwera kamphepo kofunda kochokera kumapiri a Rockies, aka amakatcha chinook, chipale chonse n'kusungunuka, udzu n'kuyamba kuonekera. Chijasi umachibisa, matayala a galimoto umakasinthitsa. Basi mlungu wathawu, pakati pa Epulo penipeni, chinagwa usiku wonse ndi tsiku lotsatira mpaka kufika m'maondo.

Chipale cha mu Januwale sindilimbana nacho. Kukazizira mpaka 25 kunsi kwa ziro chimagwa chouma, chopepuka, ungathe kuchisesa ndi tsache. Cha mu Epulo n'chamadzi, chimalemera ngati dothi loponda poumba njerwa. Ukachitapa ndi fosholo n'kuchiponya, theka limakanirira pafosholopo, ndiye uzimenyetsa pansi kuti lichoke. Magolovesi amanyowa, mkati mwa jekete muli thukuta lokhalokha, koma zala zakumapazi sukuzimva n'komwe.

Zanyengozo ndi za Mulungu, sindingamusumire. Chandiwawa ine ndi munthu.

Ndimachita lendi chipinda chapansi, izi amati besimenti. Pamwamba pamakhala eni nyumba, bambo ndi mayi opuma pantchito. Tsiku losainirana mapepala anandionetsa kamzere kena kakuti wochita lendi azithandiza kuchotsa chipale. Kuthandiza. Ine ndinaona ngati tizigwira tonse, kapena tizisinthana. Amene anandiuza ndani kuti Novembala akangokwana iwo amakwera ndege kupita ku Arizona, ku America, kukaothera dzuwa, kubwera mpaka kuno kutafunda? Alipo ambiri otero ku Canada kuno, ndipo sindiwada, ndalama ndi zawo. Koma pamenepo wothandiza ndani, wothandizidwa ndani? Nyumbayo ilinso pakona, ndiye kanjira ka oyenda pansi kali mbali ziwiri, kuphatikiza polowera galimoto pawo potakata, pamene ine saloleza kuti ndiimikepo kagalimoto kanga. Pakhomo paja anaikapo kamera. Chipale chikangoleka, foni n'kulira: moni, taona kuti kwagwa, musaiwale mbali yakumsewu ija. Munthu ali m'kabudula kuchipululu, akuyang'anira ntchito kudzera pafoni.

Ndipo kuti uzingowanyalanyaza sizitheka, chifukwa khonsolo ya mzinda uno siseka. Lamulo limati chipale chikasiya kugwa uli ndi maola 24 oti ukhale utachotsa pakanjira ka oyenda pansi, osati kungokanda pamwamba ayi, mpaka simenti ioneke. Wodutsa aliyense angathe kuimba 311, nambala ya khonsolo, n'kukunenera. Amayamba akuchenjeza, ukapanda kumva amatumiza anthu awo kudzachotsa, bilu yake yosachepera madola 150, kuwonjezera chindapusa cha madola 250. Ukabwereza m'chaka chomwecho ndi 500, kachitatu 750. Kalatayo imapita kwa mwini nyumba, inde, koma mukuganiza kuti pamapeto pake ituluka m'thumba mwa ndani? Ndiye ine ndaweruka m'mawa kuntchito yausiku, kumene ndachezera kutembenuza ndi kusambitsa agogo a eni ake, maso ali gwa ndi tulo, m'malo molowa m'bulangete ndiyambe kaye shifiti ina yopanda malipiro. Kwathu ngakhale waganyu wopalira mizere ingapo amanena mtengo wake asanagwire khasu.

Chimene chimandimaliza ndi chigalimoto chokankha chipale. Msewu wathu umadutsa basi, ndiye amaupala msanga. Wavutika, wamaliza, wathira kamchenga kosakaniza ndi mchere, waimirira kuti uwongole msana. Ukungomva chikubwera, magetsi ali phethiphethi. Chimadutsa n'kusiya chimzere cha zibuma pakamwa penipeni pa polowera galimoto, zolimba, zakuda ndi matope amumsewu. Woyendetsayo sakuyang'ananso. Chimzere chimenecho a khonsolo sabwera kudzachotsa, n'chako. Ukati ndichita mawa, masana dzuwa limachisungunula pang'ono, usiku n'kuumanso gwa, m'mawa pamafunika chitsulo chogumulira. Kuti uchibwezere mumsewu mmene chachokera, chochokera pabwalo lako saloleza. Uzichinyamula kukaunjika pakapinga, mulu umene wakupitirira kale m'chiuno, fosholo iliyonse uziikweza m'mwamba.

Pali bambo wina woyandikana nafe, wachikulire ndithu, ali ndi makina opemerera chipale. Nthawi zina amadutsitsa mpaka mbali yanga osanena kanthu, n'kungokweza dzanja. Mulungu amudalitse. Koma ulendo uno makina akewo anatsamwa, chipale chonyowa chimatseka kukamwa kwake, mpaka anawazimitsa n'kulowa m'nyumba. Anachita bwino. Madokotala a kuno amachenjeza chaka ndi chaka kuti ntchito imeneyi imagwetsa anthu ndi mtima, makamaka azibambo: kunja kukazizira mitsempha ya magazi imapanikizika, iwe n'kumanyamula zolemera utagwira mpweya, mtima n'kulephera. Ine ndi BP yangayi, imene ndinaipezera konkuno, ndimapumira kaye ndikamva kugunda m'makutu. Ndikagwa pakanjirapo, kamera ya alandilodi idzajambula bwinobwino, koma kunyamula maliro kuchokera kuno mpaka ku Kamuzu International Airport adzasonkha ndi a Malawi anzanga pagulu la WhatsApp, amene nawonso ali ndi mafosholo awo.

Abale akumudzi nawo, ee. Ndinatumiza chithunzi pagulu la banja kuti aone mmene zilili. Mayankho ake: koma ndiye kokongola, achimwene mukunjoya, mutitenge. Mlamu wanga anafunsa ngati chimadyeka. Pasanathe ola, uthenga wapambali wabwera kale, wa fizi ya teremu ikubwerayi. Sindikana kutumiza, ndinabwerera zomwezo. Koma ndikanena kuti msana ukundipweteka musamandiyankhe kuti ndiye bola inu muli kunja. Ndalama imene mukuilandira pafoniyo yadutsa m'manja osweka ndi mchere. Ndipo musandiuze kuti ingolembani waganyu. Kuno alipo makampani ochotsa chipale, amalipiritsa pamwezi kuyambira Novembala, ndipo ambiri mgwirizano wawo umatha Malichi akatha. Cha mu Epulo ndi mtengo wina.

Mapepala a lendi akutha mu Julayi. Alandilodi akabwera atapsa ndi dzuwa lawolo, tidzakhala pansi. Mwina achotsere ndalama pa lendi ya miyezi yozizira, kapena alembe kampani ndi ndalama zawo, kapenanso kamzere kaja tikafufute tonse tikuona. Akakana, ndayamba kale kufunsa za mafulati akufupi ndi siteshoni ya CTrain, sitima ya mumzinda muno, kumene zapanja amachotsa ndi a nyumbayo. Lendi yake njokwera, ndawerengera kale, ndipo ndilipira.