Ku Mosi-oa-Tunya: gonani ku Zambia, mukaonere ku Zimbabwe

Madzi a mtsinje wa Zambezi amene amadutsa pansi pa mlatho wa Samora Machel kuno ku Tete amakhala atagwa kale pa mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls), asanafike ku Kariba ndi ku Cahora Bassa. Mathithiwo ndi a mayiko awiri, Zambia ndi Zimbabwe: mamita 1,708 m'lifupi, ndipo pozama pake madzi amagwa mamita 108. Munthu wa ku Ulongué kapena ku Moatize akati apiteko, funso loyamba limakhala lakuti alowere mbali iti.

Ine ndimati Zambia, ndipo chifukwa chachikulu ndi chilankhulo. Mukatuluka pa chipata cha Cassacatiza n'kulowa pa Chanida, mwafika kwa Achewa anzathu a ku Katete. Ku Lusaka kondakitala wa basi amakuyankhani m'Chinyanja, ngakhale ku Livingstone komwe, kwa Atonga ndi Alozi, mayi wogulitsa nsima akumvani mukati "Amayi, onjezaniko ndiwo." Kwa ife amene tinaphunzira sukulu m'Chipwitikizi, Chingerezi chili patali, zimenezi si zazing'ono. Njira ya ku Cuchamano ndi Nyamapanda, yolowera ku Zimbabwe, imakudutsitsani ku Harare ndi Bulawayo, Chishona kenako Chindebele, ndipo m'tauni ya Victoria Falls mitengo imatchulidwa m'madola a ku America. Meticais athu akasinthidwa amaoneka ochepa kwambiri.

Koma pa nkhani yoona madziwo, Zimbabwe yapambana, palibe chobisa. Mbali yaikulu ya mathithi imayang'anizana ndi gombe lawo. Mumayenda m'kanjira kodutsa m'nkhalango yonyowa chaka chonse, kuchokera pa chiboliboli cha David Livingstone, yemwe anafika pamalopa mu 1855, kudzera pa Main Falls, chigawo chachikulu cha mathithiwo, mpaka pa Danger Point, pomwe miyala ndi yoterera ndipo palibe mpanda. Madzi a pa Main Falls saphwa. Ku Zambia nkhani ndi ina: m'chilimwe, cha mu Okutobala ndi Novembala, mbali ya kum'mawa ya mathithi, Eastern Cataract, imatha kusanduka thanthwe louma, munthu n'kuona ngati waononga ndalama.

Chimene Zambia ili nacho ndi kuyandikira. Mu Epulo, mtsinje utadzaza, mukakwera kamlatho ka Knife-Edge nthunzi ya madzi imakuvumbani ngati mvula ya mu Januwale, nsapato zimadzaza madzi, mnzanu ali pafupi koma simukumva zimene akunena. Foni ikulungeni m'jumbo. Madzi akachepa ndi pomwe anthu amapita pa chilumba cha Livingstone kukasambira m'dziwe la Devil's Pool, m'mphepete mwenimweni mwa phompho, ndipo kumeneko amalowera ku Zambia kokha. Anyani a mbali ya Zambia ndi olusa, thumba la zakudya amakulandani m'manja masana.

Chondisangalatsa n'chakuti mayiko awiriwa sanatsekerezane. Mlatho wachitsulo wa mu 1905 wolumikiza mayikowa umawoloka ndi miyendo, pasipoti m'manja, ndipo tsiku lomwelo mutha kuona mbali zonse. Ndiye gonani ku Livingstone, komwe chipinda ndi chakudya mumalipira m'makwacha, m'mamawa mukwere takisi ya makilomita pafupifupi 10 kupita ku chipata, muwoloke. Madola olipirira pakhomo la paki ya ku Zimbabwe muwasungiretu padera, ndipo muonetse pasipoti ya Mozambique, popeza nzika za SADC zimalipira mocheperako kusiyana ndi alendo a kutsidya kwa nyanja.